Mwini Mpopi Ndani? Mbiri ya Timabala ta Mowa wa Ofulula Ang'onoang'ono mu London

Mu mzinda wa London, makamaka m'madera a Borough, Bermondsey ndi Euston, muli timabala tating'ono tomwe m'zaka 20 zapitazi tatchuka chifukwa cha mowa wofululidwa ndi makampani ang'onoang'ono oima paokha, umene m'Chingerezi umatchedwa craft beer, ndiponso chifukwa cha chakudya chomwe chimadyedwa pamodzi ndi mowawo. Wolowa m'kabala kotere amapeza chipinda chopanikiza, mipopi yambiri itandandalika pakauntala, ndi bolodi lakuda lolembedwa ndi choko pomwe pali dzina la mowa uliwonse, dzina la woufulula, mphamvu yake ndi mtengo wake, ndipo mzere uliwonse umafufutidwa mgolo wake ukangotha. Ambiri amayesa kuti malo oterewa ndi fashoni ya achinyamata a m'tauni, koma mbiri ikuonetsa kuti kukula kwa bala, mtundu wa mowa wothiridwa m'menemo, ngakhalenso chakudya cha pambale, zakhala zikusinthasintha motsatira malamulo a ziphaso, a umwini ndi a msonkho, ndipo funso limene lakhala likubwerezedwa m'badwo uliwonse n'lakuti ndani ali ndi mphamvu yosankha mowa wotuluka pampopi.

Mowa wa pakhomo

Kwa zaka mazana ambiri, kufulula mowa ku England inali ntchito ya amayi, omwe ankagwiritsa ntchito chimera cha balere monga momwe amayi a m'midzi ya ku Malawi amagwiritsira ntchito chimera pofulula masese, ndipo wotsala pa zosowa za banja ankaugulitsa kwa anansi ndi apaulendo. Mowa ukapsa, mwini nyumba ankaika pakhomo ndodo yaitali yomangirira masamba, kuti odutsa adziwe kuti m'nyumbamo muli chakumwa. Mowa umenewu, womwe dzina lake linali ale, sunkachedwa kusasa, choncho sunkatha kuyenda mtunda wautali, ndipo aliyense ankamwa wa m'dera lake.

Zinthu zinayamba kusintha cha m'ma 1400, pamene amalonda ochokera kumayiko omwe lero ndi Netherlands ndi Belgium anabweretsa mowa wothira hops, maluwa a chomera choyanga omwe amapatsa mowa kuwawa ndi fungo, komanso amauteteza kuti usaonongeke msanga. Mowa wosungika ndi mowa wotheka kufululidwa wambiri nthawi imodzi n'kukagulitsidwa kutali, motero ntchitoyi inayamba kuchoka m'manja mwa amayi kupita kwa amuna okhala ndi mpamba wogulira miphika ikuluikulu. M'chaka cha 1552 boma linalamula kuti aliyense wogulitsa mowa akhale ndi chiphaso chochokera kwa oweruza a m'dera lake, ndipo pofika 1750, pamene Samuel Whitbread anakhazikitsa fakitale yake mumsewu wa Chiswell Street yofulula mowa wakuda wotchedwa porter, wofulula mowa ndi wougulitsa anali atayamba kukhala anthu awiri osiyana.

Nthawi yoyamba imene timabala tating'ono tinachulukana mwadzidzidzi inali mu 1830. Pofuna kuchotsa anthu pa chakumwa chaukali cha gin, Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo la Beerhouse Act, lomwe linalola munthu aliyense wolipira msonkho wa nyumba kuti afulule ndi kugulitsa mowa pakhomo pake akangopereka mapaundi 2 ndi mashereni 2 pachaka, osapitanso kwa oweruza. M'chaka choyamba chokha, nyumba zoposa 20,000 zinatenga ziphaso, ndipo zambiri mwa izo zinali chipinda chimodzi chakutsogolo, benchi ndi mgolo pakona.

Kampani igula mpopi

Ufulu umenewu unatha mu 1869, pamene nyumba zamowazi zinabwezedwa m'manja mwa oweruza, omwe pomvera kudandaula kwa magulu olimbana ndi uchidakwa anayamba kuumira ziphaso zatsopano. Chiphaso chikasowa chimakwera mtengo, ndipo makampani ofulula mowa anazindikira kuti njira yotsimikizika yogulitsira mowa wawo inali kugula mabala enieniwo. Kampani ya Guinness itagulitsa masheya ake pamsika wa London mu 1886 n'kupeza ndalama zochuluka, makampani ena anatsatira, ndipo ambiri a iwo anagwiritsa ntchito ndalamazo pogula mabala mopikisana.

Apa ndi pomwe panakhwima dongosolo lotchedwa tied house, kutanthauza bala yomangidwa ku kampani imodzi. Woyendetsa bala ankachita lendi nyumbayo kwa kampani yofulula mowa, kawirikawiri pamtengo wotsika, koma pangano linkamukakamiza kugula mowa kwa kampani yomweyo pamtengo woikidwa ndi iyo. Poyamba wakumwa sankataya zambiri chifukwa makampani anali ochuluka, ndipo wosakonda mowa wa bala ina ankangowoloka msewu. Koma nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, makampaniwa anayamba kumezana, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 msika unali m'manja mwa akuluakulu 6: Allied Breweries, Bass Charrington, Courage, Scottish & Newcastle, Watney Mann ndi Whitbread. Kampani yaikulu ikagula yaing'ono inkafuna mabala ake koposa mowa wake, choncho fakitale yaing'onoyo inkatsekedwa pakapita zaka zochepa, ndipo mowa umene anthu a m'deralo anauzolowera unkasowa pampopi.

Migolo iwiri

Mkangano waukulu wa nthawi imeneyo unali wa mitundu iwiri ya migolo, ndipo kusiyana kwake kumaonekera bwino m'chipinda chapansi pa bala momwe mowa umasungidwa. Mgolo wachikale, wotchedwa cask, umafika uli ndi mowa wosatsirizika kupsa, popeza yisiti imakhala ikugwirabe ntchito m'katimo. Wosamalira chipindacho amaugoneka cham'mbali pathandala, m'malo ozizira pakati pa madigiri 11 ndi 13, kenako amakhomera kachikhomo kamtengo wofewa pabowo la pamwamba kuti mpweya wochuluka utuluke, n'kudikira tsiku limodzi kapena awiri kuti nsenga zikhale pansi, mothandizidwa ndi mankhwala opangidwa kuchokera ku chikhodzodzo cha mpweya cha nsomba. Akatero amakhomera mpopi ndi nyundo yamtengo, amalawa, ndipo akakhutira ndi pomwe mowawo umakokedwa kupita pakauntala ndi pampu yamanja, chida chomwe Joseph Bramah analembetsa mu 1797. Mgolo wofala kwambiri, wotchedwa firkin, umalowa malita pafupifupi 41, ndipo ukatsegulidwa uyenera kutha m'masiku atatu kapena anayi, apo ayi mowa umasasa ndipo mwini bala amaluza.

Mgolo winawo, wotchedwa keg, ndi wachitsulo wotsekeka kotheratu, ndipo m'zaka zimenezo unkabwera ndi mowa wosefedwa, wotenthetsedwa kuti yisiti ife, ndi wopoperedwa mpweya. Mowa wotere umasungika milungu yambiri, sufuna luso la wosamalira, ndipo umakoma chimodzimodzi kulikonse, zomwe zinkakomera makampani okhala ndi mabala zikwizikwi. Dzina lomwe linadzakhala chizindikiro cha nyengoyo ndi Watney's Red Barrel, mowa womwe unkalengezedwa kwambiri pa wailesi yakanema koma omwa ambiri ankaunyoza kuti ndi wozizira ndi wopanda kukoma.

Mu Malichi 1971, anyamata anayi a kumpoto chakumadzulo kwa England, Michael Hardman, Graham Lees, Jim Makin ndi Bill Mellor, ali patchuthi ku Ireland, anagwirizana zoyambitsa gulu lomenyera ufulu wa omwa mowa, lomwe kuyambira 1973 lakhala likudziwika kuti Campaign for Real Ale, mwachidule CAMRA. Gululi linapereka dzina lakuti real ale, kapena kuti mowa weniweni, kwa mowa wa mumgolo wachikale, linayamba kusindikiza chaka ndi chaka buku la Good Beer Guide losonyeza mabala osamala mowa, ndipo mu 1977 linachititsa chikondwerero cha Great British Beer Festival ku Alexandra Palace. Mu 1979 David Bruce anatsegula bala ya Goose and Firkin ku Southwark, momwe mowa unkafululidwa m'chipinda chapansi pa bala yomweyo, chinthu chomwe mu London chinali chitaiwalika.

Lamulo la 1989 ndi kubwera kwa khitchini

Mu 1989 bungwe la boma lofufuza za mpikisano pa malonda, la Monopolies and Mergers Commission, linapeza kuti makampani 6 aja ankafulula pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mowa wonse wa m'dzikomo, ndipo boma la Margaret Thatcher linatulutsa malamulo otchedwa Beer Orders. Kampani iliyonse yokhala ndi mabala oposa 2,000 inalamulidwa kumasula theka la mabala opitirira chiwerengerocho, ndipo ochita lendi m'mabala otsalawo analoledwa kugulitsa mtundu umodzi wa mowa wa cask wochokera kwina, womwe unkatchedwa mowa wachilendo. Zotsatira zake sizinali zonse zimene boma linkayembekezera, chifukwa mabala ambiri anagulidwa ndi makampani atsopano osafulula mowa, monga Enterprise Inns ndi Punch Taverns, omwe anamanganso ochita lendi ndi mapangano ofanana ndi akale aja. Komabe kwa zaka zingapo mabala ochuluka anali pamsika pamtengo wotsika, ndipo mpata umenewu ndi umene unabweretsa chakudya chabwino m'bala.

Chakudya cha m'bala nthawi imeneyo isanafike chinali chongodzutsa ludzu: mazira oviikidwa m'viniga, zikopa za nkhumba zokazinga, matchipisi a m'mapaketi, ndi mbale ya buledi, tchizi ndi anyezi yotchedwa ploughman's lunch, yomwe inafalitsidwa kwambiri ndi mabungwe ogulitsa mkaka ndi tchizi m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Mu 1991, Michael Belben ndi David Eyre, omwe ankagwira ntchito m'malesitilanti koma analibe ndalama zotsegulira yawoyawo, anatenga bala yakale ya The Eagle mumsewu wa Farringdon Road n'kuika khitchini poyera kuseri kwa kauntala. Munalibe nsalu za patebulo kapena kusungitsa malo, mipando ndi mbale zinali zosafanana, zakudya za tsikulo zinkalembedwa pabolodi, ndipo munthu ankaitanitsa n'kulipira pakauntala monga amachitira pogula mowa. Eyre anakulira ku Mozambique, ndipo chakudya chomwe chinatchukitsa malowa, sangweji ya nyama ya ng'ombe yonyikidwa m'vinyo, adyo, anyezi ndi tsabola yotchedwa Bife Ana, chili ndi mizu yake m'kaphikidwe ka Chipwitikizi. The Eagle imadziwika ngati gastropub yoyamba, liwu lotanthauza bala yophika chakudya cha mulingo wa lesitilanti. Pamene kusuta m'malo otsekeka kunaletsedwa ku England pa 1 Julayi 2007, mabala ambiri omwe anataya makasitomala osuta anatembenukiranso ku khitchini kuti apulumuke.

Fungo lochokera ku America

Kukoma kwa mowa wa m'timabala ta lero kunachokera kutsidya la nyanja ya Atlantic, ngakhale kuti oyambitsa ake ambiri anatengera chitsanzo ku Britain komweko. Fritz Maytag anapulumutsa kampani ya Anchor ya ku San Francisco mu 1965, ndipo mu 1975 anatulutsa Liberty Ale, mowa wothira hops wa mtundu wa Cascade wolimidwa ku America, womwe fungo lake limafanana ndi la zipatso za m'gulu la malalanje ndi la mitengo ya paini. Jack McAuliffe, yemwe anazolowera mowa wa ku Scotland ali msilikali wa pamadzi, anatsegula kampani yofulula mowa ya New Albion ku Sonoma mu 1976 pogwiritsa ntchito zipangizo zotoleza ndi kuwotcherera yekha. Mu 1978 Pulezidenti Jimmy Carter anasaina lamulo lolola anthu kufulula mowa wakumwa pakhomo, ndipo mwa ofulula pakhomo a nthawi imeneyo munatuluka Ken Grossman, yemwe anayambitsa Sierra Nevada mumzinda wa Chico mu 1980. Ofulula a ku America anatenga mayina akale a ku England monga pale ale, porter ndi India Pale Ale, mwachidule IPA, n'kuwonjezera hops ndi mphamvu, ndipo ankathira mowawo m'migolo ya keg popanda kuupha kukoma. Izi zinadzetsa mkangano pamene mowawu unafika ku Britain, popeza mgolo womwe CAMRA inalimbana nawo kwa zaka 30 unabweranso utanyamula mowa womwe achinyamata ankaukonda.

Chomwe chinachititsa kuti ofulula otere achuluke ku Britain ndi msonkho. Mu 2002, atapemphedwa kwa zaka zambiri ndi bungwe la ofulula oima paokha la SIBA, nduna ya zachuma Gordon Brown anadula ndi theka msonkho wa mowa kwa kampani iliyonse yofulula malita osapitirira 500,000 pachaka. Munthu wokhala ndi miphika yochepa tsopano akanatha kupikisana pamtengo ndi fakitale yaikulu, ndipo makampani ofulula mowa m'dzikomo, omwe anali pafupifupi 500 panthawiyo, anaposa 1,500 m'zaka 15 zotsatira. Mu London, momwe ofulula anali owerengeka pamene kampani ya Young's inasiya kufululira ku Wandsworth mu 2006, chiwerengero chinadzaposa 100. Mmodzi mwa oyambirira anali Evin O'Riordain, wogulitsa tchizi ku Neal's Yard Dairy, yemwe atalawa mowa wa ku New York anatsegula kampani yofulula mowa ya The Kernel mu 2009 m'chipinda cha pansi pa mlatho wa njanji ku Bermondsey, momwe lendi inali yotsika. Ena atamutsatira m'zipinda zoyandikana, mzere wonsewo unayamba kutchedwa Bermondsey Beer Mile.

Kabala kabwerera

Ofulula atsopanowa ankafunika kogulitsira, pomwe mipopi yambiri inali idakali yomangidwa, ndipo lamulo lina linathandiza. Licensing Act ya 2003, yomwe inayamba kugwira ntchito mu Novembala 2005, inachotsa mphamvu yopereka ziphaso kwa oweruza n'kuipereka kwa makhonsolo, ndipo kusandutsa sitolo wamba kukhala bala kunaphweka. Chaka chomwecho Martyn Hillier anatsegula The Butcher's Arms m'mudzi wa Herne ku Kent, m'kachipinda komwe kale kanali butchala, mopanda wailesi yakanema kapena nyimbo, kuti anthu azimwa mowa wa cask n'kumacheza. Malo otere anapatsidwa dzina lakuti micropub, ndipo Hillier atafotokoza za malowa pamsonkhano wa CAMRA mu 2009, anthu ena anayamba kutsegula awo m'masitolo otsekedwa ndi m'zipinda za m'masiteshoni a sitima.

Mu London, The Rake inatsegulidwa mu 2006 pambali pa msika wa zakudya wa Borough Market ndi Richard Dinwoodie ndi Mike Hill, omwe kale ankagulitsa mowa wa m'mabotolo wochokera m'mayiko osiyanasiyana pabenchi yawo ya Utobeer mumsikamo. Chipindacho ndi chaching'ono moti makasitomala ambiri amaimirira panja, ndipo ofulula mowa obwera kudzacheza amasaina mayina awo pakhoma. Mu 2010 Euston Tap inatsegulidwa m'kanyumba kamiyala ka m'zaka za m'ma 1800 komwe kali kutsogolo kwa siteshoni ya Euston. Kuchepa kwa malo kumatanthauza lendi yochepa ndi antchito ochepa, ndipo kumalola mwini bala kugula mgolo umodzi kwa wofulula uyu ndi umodzi kwa uyo, podziwa kuti utha usanasase.

Kamwedwe nakonso kanasintha. Muyeso wakale ndi pint, womwe ndi mamililita 568, koma popeza mowa watsopanowu umatha kukhala ndi mphamvu yofika maperesenti 7 kapena 10, ambiri amaitanitsa theka, gawo limodzi mwa atatu, kapena magawo awiri mwa atatu, muyeso womwe unaloledwa mu 2011. Wosadziwa dzina lolembedwa pabolodi amapempha kulawa, ndipo wogulitsa amamuthirira pang'ono m'katambula asanasankhe. Kumene khitchini siingakwane, chakudya chimachokera kwa ophika odziimira omwe amabwereka kakona kwa miyezi ingapo kapena kuimika ngolo pakhomo, ndipo bolodi la chakudya limasintha ngati la mowa lomwe. Kufunika kwa chakudyachi kunaonekera mu Disembala 2020, nthawi ya mliri wa Covid-19, pamene mabala a m'madera ambiri analoledwa kugulitsa mowa pokhapokha kasitomala atagulanso chakudya chokhutitsa, ndipo nduna za boma zinafunsidwa pa wailesi ngati scotch egg, dzira lowiritsa lokutidwa ndi nyama ya soseji n'kukazingidwa, ingawerengedwe ngati chakudya chotero.

Funso lakale m'zovala zatsopano

Kukwera kwa timabalati kunachitika pamene mabala ambiri ankatsekedwa, popeza malinga ndi ofesi ya boma ya ziwerengero, mabala a ku United Kingdom anatsika kuchoka pa pafupifupi 50,000 mu 2008 kufika pa pafupifupi 39,000 mu 2018, ndipo ambiri otsekedwawo anali ang'onoang'ono. Nawo makampani akuluakulu sanakhale chete ataona kumene ndalama zikulowera. Mu 2015 SABMiller inagula Meantime ya ku Greenwich ndipo AB InBev inagula Camden Town Brewery, pomwe Heineken inagula gawo la Beavertown mu 2018 n'kuitenga yonse mu 2022. Fuller's, yomwe inkafulula mowa ku Chiswick kuyambira 1845, inagulitsa fakitale yake kwa Asahi ya ku Japan mu 2019, ndipo ku America, Anchor ya Fritz Maytag ija inatsekedwa mu 2023 ili m'manja mwa Sapporo.

Popeza ku Britain liwu lakuti craft lilibe tanthauzo lokhazikitsidwa ndi lamulo, mowa wa kampani yaikulu umatha kukhala pampopi ndi dzina ndi chizindikiro cha kampani yaing'ono imene inagulidwa kale, ndipo wakumwa sangadziwe pongoyang'ana. N'chifukwa chake mu 2024 bungwe la SIBA linayambitsa chizindikiro cha Indie Beer, chosonyeza kuti wofulula mowawo ndi woima payekha, ndipo mawu akuti independent ayamba kulowa m'malo mwa craft pamabolodi ena. Zimenezi zikutanthauza kuti chofunika kwambiri pabolodi la choko lija ndi dzina la wofulula, chifukwa ndi limene limasonyeza ngati mwini kabala anasankha yekha mgolowo, monga anachitira wogula chiphaso cha mapaundi 2 ndi mashereni 2 mu 1830, kapena ngati unabwera ndi pangano lochokera ku likulu la kampani.